Mlatho wa Kawailesi ka Adadi

Adadi anatuluka m'chipatala masamba a mitengo atayamba kufiira. Sitiroko inawasiyira mkono wamanja wolemera ngati si wawo, ndipo mawu ankatuluka mochedwa, ena n'kuthera panjira. Ntchito anasiya. Tsiku lonse ankakhala pampando wa pafupi ndi windo, m'nyumba yathu ya m'mwamba ku Springfield, kufupi ndi mzinda wa Washington.

Pambali pa mpandowo panali kawailesi kawo. Si kawailesi kokoka mawu mumlengalenga ayi, kameneka kamatenga zonse pa intaneti. Anakagula kwa munthu ine ndisanayambe sukulu. N'kakuda, kali ndi kagalasi kolemba mawu obiriwira, chopotokola chachikulu pakati, ndi mabatani asanu ndi limodzi m'munsi mwake. Batani lililonse anali atalipatsa ntchito yake. Loyamba linali la nkhani za kumudzi, lachiwiri la wailesi ya mpira, lachitatu la nyimbo zakale za magitala, ndipo enawo anali a makwaya. Ankawadina osayang'ana n'komwe.

Tsiku limene anabwera, atakhazikika, anatambasula dzanja lamanzere n'kudina batani lachiwiri. Kagalasi kanayaka, kanalemba kuti kakufufuza, ndipo kanangokhala kakufufuza. Anadinanso. Kenako anabweza dzanja n'kuliika pabondo. Amami anali kukhitchini, sanaone. Ine ndinaona, ndipo m'buku langa la tsiku ndi tsiku ndinangolemba kuti adadi abwera koma kawailesi kawo sikanawayankhe.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti kampani imene inakapanga inatseka makompyuta ake amene kawailesi kankafunsako chilichonse. Izi zinachitika adadi ali m'chipatala. Kawailesiko kanali kabwinobwino, koma kanalibe kofunsa.

Amami amasamalira okalamba ku Rockville, ndipo amanyamuka kusanache. Poyamba ankawasiyira adadi foni itatsegulidwa kale pa wailesi. Koma chala chamanzere chinkanjenjemera, chikagwira galasi la foni chinkatsegula zina. Tsiku lina anaimbira mayi busa foni ya vidiyo ali m'vesiti, mayi busawo ali kumsika. Mnansi wathu anatibwereka sipika ija imene umangoiuza pakamwa. Adadi anayesa kuilankhula pang'onopang'ono, iyo n'kumangopepesa kuti sinamve. Itapepesa kachitatu anati, "Chikupepesa... chalakwa chiyani?" Tinaseka tonse, koma madzulo ake anauza amami kuti akabweze.

Choncho ankadikira ine. Ndikatsika basi ya sukulu n'kulowa, ankayamba andifunsa za sukulu, ine n'kuyankha m'Chingerezi monga mwa chizolowezi changa, kenako pakapita nthawi ankati, "Mwanangu... ngati sukutanganidwa... mpira." Mawu akuti ngati sukutanganidwa ankandipweteka. Adadi anali asanandipemphepo chinthu mwa njira imeneyo. Masiku ena sankapempha n'komwe, ndinkawapeza ali chete m'nyumba ya zii, ndipo ndinkadziwa kuti akhala choncho kuyambira m'mawa. Munthu amene ankasambitsidwa, kuvekedwa ndi kudulidwira nyama m'mbale analibe chinthu ngakhale chimodzi choyamba yekha ndi kusiya yekha.

Kutchalitchi kwathu kuli bambo ena a ku Zambia amene ndimawatchula kuti ankolo, ngakhale si achibale. Amagwira ntchito ya makompyuta ku Fairfax, ali ndi dazi ndi chiseko chomveka mpaka panja. Iwo ndi adadi sagwirizana pa nkhani ya mpira, ndipo ubwenzi wawo wagona pomwepo. Amami atawafotokozera za kawailesi, anabwera Loweruka lina, anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka:

"Ba mudala, aka kabokosi kanu sikanafe. Kakamba chabe chitundu chakudala, makambidwe akale, manje anzake onse anasiya. Kafunika mlatho."

"Mlatho wanji, alamu?" anafunsa amami.

"Kachinthu kang'ono koimilila pakati. Uku kamvela zakudala, uku kamvela zamanje. Kulibe vuto, nabwela nako."

Anatulutsa m'thumba kachipangizo konga bokosi la machesi, n'kukalumikiza pakabowo ka kumbuyo kwa kawailesi. Anagwiragwira foni yawo, ndipo nyimbo inatuluka. Amami anaomba m'manja. Ankolo anatifotokozera kuti tsopano foni iliyonse imene ili pa wayifayi yathu ikhoza kutumiza nyimbo ku kawailesiko. Adadi anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa, anatambasula dzanja n'kudina batani lachiwiri. Nyimbo inaduka, kagalasi kanayambanso kufufuza.

"Ah, mabatani asiyeni, mudala," anatero ankolo akubwezeretsa nyimbo. "Manje foni ndiye bwana. Mpila wamene mufuna kumvela ni uti, uja woluza?"

"Inu... munawina liti?" anatero adadi, ndipo ankolo anaseka mpaka kupukuta misozi.

Lamlungu lotsatira amayi a kutchalitchi anabwera kudzazonda matenda. Kwathu mlendo akafika amalandira tiyi, ndipo nambala yachinsinsi ya wayifayi inamatidwa pafiriji kuti asavutike kufunsa. Atatha kupemphera ndi kuimba, mayi ena anaona kuti kawailesi kakuoneka pafoni yawo.

"Ee, taonani! Bambo, ndikuikireni nyimbo imene inandilimbitsa ine nditachitidwa opaleshoni."

Inali nyimbo yapang'onopang'ono, ya munthu wotopa amene akuyembekezera kupuma. Isanafike pakati, mayi ena anati ili ndi chisoni chambiri, wodwala amafunika mphamvu, ndipo anaiduliza ndi ulaliki wa mbusa wina wofuula. Achitatu anafuna kuika yawo, koma chala chinaphonya, m'nyumba monse munamveka uthenga wa mchemwali wawo wa ku Lilongwe akudandaula kuti akuchimuna abweretsa nkhuku yowonda pachinkhoswe.

"Zimitsani, mayi, zimitsani!"

"Ndikuzimitsa, nanga ndikudina pati?"

"Musazimitse, timve mmene zinathera!"

Nthawi imeneyo kumudzi kunali kutada, ndipo pa wailesi ya batani lachiwiri panali pulogalamu ya zamasewera imene adadi sankaiphonya. Ine ndinali pakhomo la kukhitchini ndi thireyi. Ndinaona dzanja lawo likupita ku mabatani, n'kuima m'malere, n'kubwerera. Diso lawo lamanja limatuluka misozi lokha chiyambire matendawa. Mayi a nyimbo yoyamba aja ataona msozi ananong'oneza anzawo kuti, "Mwaona? Yawakhudza." Ndipo anaiikanso kuyambira poyamba.

Anthu amenewo amatikonda. Ena mwa iwo anachokera kuntchito ya usiku wonse n'kubwera kwathu osagona. Koma atapita, adadi anandiuza kuti ndizule kawailesi kumagetsi.

Mlungu umenewo nthawi ya chakudya chamasana ndinkapita kulaibulale ya pasukulu. Pa intaneti ndinapeza pamene anthu okonda mawailesi akale amenewa amakambirana. Ambiri ankaoneka kuti ndi azibambo opuma pantchito, okangana pa zinthu zing'onozing'ono, koma oleza mtima akamafotokoza. Sindinalembepo kanthu, ndinkachita manyazi, ndinkangowerenga. Pang'ono ndi pang'ono ndinamvetsa kuti milatho ilipo ya mitundu iwiri. Wa ankolo umasandutsa kawailesi kukhala sipika wamba, ndipo wolamula ndi amene wagwira foni. Winawo ndi kakompyuta kakang'ono kokhala ndi pulogalamu imene imadziyesa kompyuta ya kampani ija inatsekedwa. Kawailesi kakafunsa m'chilankhulo chake chakale, kakompyutako kamapita kukatenga wailesi kapena nyimbo m'mapulogalamu atsopano n'kubweretsa. Pa mlatho umenewu mabatani amagwira ntchito.

Poyamba ndinaganiza zoika pulogalamuyo pa laputopu ya amami. Koma iwo amapita nayo kukalasi yawo ya unamwino, ndiye kuti akatuluka nayo pakhomo kawailesi kakhalanso chete. Panalinso vuto lina. Kawailesi n'kakale moti sikagwirizana bwino ndi wayifayi ya masiku ano, ndipo pa mlatho umenewu kamafuna waya. Rauta yathu, kabokosi kotulutsa wayifayi, ili m'kanjira kopita kuzipinda. Nditafunsa amami ngati tingadutsitse waya pansi, anaika supuni pansi n'kundiyang'ana.

"Waya pansi? M'nyumba muli munthu woyendera ndodo? Ndadzutsa okalamba angati ine ogwa chifukwa cha kachingwe? Usayerekeze."

Ndiye kuti kakompyutako kanayenera kukhala pafupi ndi kawailesi, kazikoka wayifayi kokha n'kupatsira kawailesi kudzera pa waya wamfupi. Ndinapeza mitundu iwiri imene anthu aja ankayamikira, ndinaisindikiza papepala. Mtima wanga unali pa koyera, kokongola, kokhala ndi makona obulungira.

Chovuta chenicheni sichinali chimenecho. Mlatho woyamba unali mphatso ya ankolo, ndipo kuti winawu utheke ndinkafunika iwo omwewo. Ndinawauza amami.

"Mwana sabweza mphatso ya munthu wamkulu," anatero.

"Ndiye mukanene ndinu."

"Ine sindikudziwa chimene ndikanene. Zimenezi wawerenga ndiwe." Anapukuta m'manja. "Koma kufunsa si mwano. Uwapatse kaye chakudya. Usaime chilili pamaso pawo. Ndipo usakayambe ndi Chingerezi chakocho, chimatuluka chouma ngati ukuwerenga mlandu."

Chichewa ndimachimva chonse, ndipo ndimachilemba bwino kuposa mmene ndimachilankhulira. Pamaso pa akuluakulu lilime langa limathawa. Chiganizo chimodzi chokhacho ndinachibwereza m'basi ya sukulu masiku onse otsalawo, milomo yokha ikugwedera, mpaka mtsikana wokhala naye mpando anandifunsa ngati ndikupemphera.

Lamlungu mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi m'holo, ndinatenga mbale ya mandasi n'kupita pamene ankolo anakhala. Ndinanjuta pambali pa mpando wawo. Anatenga awiri.

"Zikomo, mami. Ba mudala ali bwanji? Akali kuvina?"

"Ali bwino, ankolo. Ndimati ndifunse nawo."

"Funsa."

"Kodi ulipo mlatho woti adadi azidina okha mabatani?"

Mawu anatuluka otsika kwambiri moti anaweramira kwa ine. Ndinabwereza.

"Foni yavuta?"

"Siinavute. Koma chala chawo sichigwira pagalasi. Ndiye amadikira ine, kapena alendo amawasankhira."

Anatafuna mandasi kwa kanthawi osandiyang'ana. Ine ndinkaganiza kuti ndawakhumudwitsa.

"Alendo anawaikila chani?"

Ndinawauza za nyimbo ya munthu wotopa, ndi za nkhuku yowonda. Anaseka mpaka anthu anatembenuka, kenako anasiya mwadzidzidzi.

"Uliko uyo mlatho. Koma ni wovuta, mami. Uzalila."

"Ndawerengako pang'ono."

Ndinatulutsa pepala lija m'Baibulo langa. Anavala magalasi, analiyang'ana, n'kundifunsa kamene ndasankha. Ndinaloza koyera.

"Chifukwa?"

"N'kokongola," ndinatero, popeza bodza sindikanatha.

"Ni kokongola zoona. Manje ona apa." Analoza mzere wina wa zilembo zing'onozing'ono umene ine ndinaudumpha. "Magetsi akazima, aka sikayaka keka. Kafuna munthu akadine. Iwe uli ku sukulu, amai ako ali ku nchito, ndani azakwawa pansi pa thebulo? Tenga aka koipa nkhope. Magetsi akabwela, nakeve kauka."

Ndinachita manyazi, koma ndinasangalala kuti ndinafunsa. Akundibwezera pepala anati, "Koma uzachita ndiwe. Ine nizankhala chabe nikumwa tiyi. Kakavuta pakati pa wiki, ine nili ku Fairfax, iwe uli pamenepo."

Kakompyuta koipa nkhope kanafika pa positi. Kanali kotuwa, kokhala ndi timabowo mbali zonse. Loweruka m'mawa ankolo anabwera, ndipo anachitadi zimene ananena: anakhala pasofa ndi kapu ya tiyi n'kumanyoza timu ya adadi. Ine ndinakhala pakapeti ndi laputopu ya amami, ndikutsatira malangizo mzere ndi mzere. Ndikalakwitsa ankangoti, "Welenganso," osandiuza polakwika. Penapake ndinafufuta zonse mwangozi n'kuyambiranso, ndipo misozi inalengeza ndithu monga ananenera. Amami anandipatsa madzi.

Dzuwa litafika pawindo la adadi, pulogalamu inayaka. Ndinalumikiza waya wamfupi, ndinaumanga kuseri kwa thebulo, amami anabwera kudzaona ndi phazi lawo ngati palibe cholendewera. Koma kawailesi kanali kakufufuzabe kompyuta yakale ija. Kanafunika kuuzidwa adiresi yatsopano, imene ndi manambala, ndipo manambalawo amalowetsedwa ndi chopotokola, imodziimodzi. Ine ndinali ndisanakagwiritsepo ntchito mkati mwake. Ndinapotokola n'kulowa kolakwika, ndinabwerera n'kusochera kwina.

"Bweretsa," anatero adadi.

Ndinakankhira kawailesi kufupi ndi iwo. Anagwira chopotokola ndi dzanja lamanzere. Anadutsa mizere ingapo osawerenga, n'kufika pamalo enieni amene ine ndinkawafuna. Ndinayamba kuwawerengera manambala. Nambala iliyonse inkatenga nthawi, chifukwa dzanja linkapitirira n'kubwerera. Pa nambala ina anaphonya kangapo, ndipo ankolo anaika kapu pansi n'kuyamba kudzuka. Amami anawagwira malaya.

"Alamu, khalani. Chimene munthu angathe yekha sitimuchitira."

Ankolo anakhala. M'nyumba munali zii, kunkangomveka kachopotokola kakuti tiki, tiki. Nambala yomaliza italowa, kagalasi kanathima, kanayakanso, ndipo m'malo mofufuza kanalemba nthawi.

Ndinathamangira pa laputopu n'kuika mawailesi pa mabatani monga ndinkakumbukira. Nkhani, mpira, magitala, makwaya. Kenako ndinatseka laputopu n'kuiika patali, kuti aliyense aone kuti sindikugwira kanthu.

"Yesani, adadi."

Anadina lachiwiri. Panapita kamphindi, ndiye m'nyumba munadzaza mawu a bambo wina akulengeza mwamphamvu za feteleza wobereketsa, kuti alimi asachedwe mvula yayandikira.

"Ndiye mpila wanu uyu?" anatero ankolo. "Mwayamba kulima pa gilaundi?"

Adadi anamvetsera za fetelezayo mpaka kumapeto. Anadina loyamba, anamva pang'ono, anadina lachitatu, anabwerera ku lachiwiri. Anakweza mawu, anatsitsa. Kenako anazimitsa, n'kuyatsanso. Amami anapita kukhitchini ndipo anakhalitsako.

Pochoka, ankolo anazula kachipangizo kawo konga machesi n'kukaponya m'thumba, akuti kakagwira ntchito ku ofesi. Adadi anaika dzanja pachifuwa n'kuwathokoza pa milatho yonse iwiri. Pakhomo ankolo anandigwira mutu n'kuuza amami kuti, "Uyu musamusiye achite zina. Ni injiniya." Ndinayang'ana pansi, koma mawu amenewo ndinawalemba.

Amayi a kutchalitchi atabweranso, mmodzi anafufuza pafoni yake n'kudandaula kuti kawailesi kasowa.

"Sikanasowe," anatero amami akuthira tiyi. "Pemphani eni ake."

Mayiwo anaseka, anatembenukira kwa adadi n'kupempha mwaulemu nyimbo ya kwaya. Adadi anakweza chala kuti adikire, chifukwa pa wailesi ankawerenga zigoli. Zitatha, anadina lachinayi, ndipo amayi onse analowa m'nyimbo ndi mawu awo.

Chisanu chitayamba, tsiku lina ndikukwera masitepe pochokera kusukulu ndinamva mawu achilendo akuchokera m'nyumba mwathu. Anali a mzimayi wolankhula Chingerezi mofulumira, akunena kuti msewu waukulu wolowera ku Washington wadzaza, ndipo pamlatho wa pamtsinje pachitika ngozi. Ndinaganiza kuti china chake chasokonekera, kuti kakompyuta kataya mawailesi a kumudzi n'kutola zilizonse. Ndinaponya chikwama, sindinavule n'komwe jekete, ndinatsegula pulogalamu ija pafoni yanga. Zonse zinali bwino, kupatula batani lachisanu. Kwaya imene ndinaikapo panalibe. Panali wailesi ya konkuno, yonena za misewu.

"Pepani, adadi, ndikonza pompano."

"Osagwira."

"Koma kwaya ija yachoka."

"Ndachotsa... ine."

Ndinawayang'ana. Kuti munthu asinthe batani pa kawailesi komweko, amayenera kufufuza wailesiyo ndi chopotokola, chilembo ndi chilembo, kenako n'kudina batani osasiya mpaka kagalasi kavomere. Ine sindinawaphunzitse zimenezo, ndipo sindikudziwa kuti zinawatengera nthawi yotani ndi dzanja lija. Adadi asanadwale ankayendetsa galimoto yonyamula odwala, ndipo misewu imene mzimayiyo ankatchula anaiyenda zaka zambiri. Anali atatsamira kutsogolo, akumvetsera ngati akunyamuka posachedwa.

"Amami ako... adzera kumeneko," anatero. "Aimbire. Azungulire... kwina."

Ndinawaimbira. Amami anadabwa kuti ndadziwa bwanji za ngoziyo, ndipo ndinawauza kuti anena ndi adadi. Nditadula foni ndinafunsa ngati ndiike kwaya ija pa batani lina, popeza ndinali ndidakali ndi pulogalamu m'manja.

"Ayi," anatero adadi, dzanja lili pa chopotokola. "Ndikaifuna... ndiipeza. Pita ukadye."